Andikweza pa ntchito, koma madala a kukhitchini asiya kundiuza zinthu

Nabanda wa ku Nkope
Akuluakulu a pa gulu lino, ndigawireni nzeru. Ndimagwira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja, pamsewu wopita ku Monkey Bay. Ndakhala polandirira alendo zaka 4, ndiye m'mwezi wa Malichi eni ake anandikweza kuti ndiziyang'anira anzanga 14: a kukhitchini, okonza m'zipinda, alonda ndi anyamata a pabwalo. Ine ndili ndi zaka 28. Bambo amene amatsogolera zophika akhala pamalopa zaka 19, ndipo ndi msinkhu wa bambo anga ondibereka.

Lachinayi lapitali tinali ndi anthu a wekishopu. Nkhomaliro imayenera kutuluka 12:30, koma inatuluka cha m'ma 2 koloko. Wotsogolera alendowo anandilalatira anthu akuona, mutu wanga n'kutentha. Madzulo ndinalemba pa gulupu ya ogwira ntchito kuti a kukhitchini atichititsa manyazi ndipo zisadzachitikenso. Chiyambire tsiku limenelo, chilichonse chimene ndinganene madala aja amangoti, "Chabwino madamu." Sakukana ntchito, sakuchedwa, koma sakundiuzanso kanthu. Kale ankabwera okha kudzanditsina khutu kuti mafuta atsala pang'ono, kapena kuti nyama ya munthu wakuti musagulenso. Pano ndimazindikira zinthu zitatha kale. Ndiwalembere kalata yochenjeza, kapena nditani?

Kapitawo wa Zomanga
Mlongo, lembani kalata. Ine ndayang'anira anthu pa zomangamanga zaka 16, kuchokera ku Liwonde mpaka ku Makanjira. Mukangowasekerera, mawa akukwerani pamutu. Munthu amalandira malipiro kuti aphike pa nthawi yake. Zaka zake azisiye pageti.

Abiti wa pa Boma
Kalata ya mlandu wanji, a Kapitawo? Woti munthu akuyankha kuti "chabwino"? Nabanda, ndikufunseni kaye: munawafunsa chimene chinachedwetsa chakudyacho?

Nabanda wa ku Nkope
Kunena zoona sindinafunse. Ndinangoyang'ana wotchi.

Abiti wa pa Boma
Ndiye kalatayo iyambe yadikira. Ine ntchito yanga ndi yosunga mafayilo a ogwira ntchito, ndipo makalata olembedwa mtima uli m'mwamba ndawaona ambiri. Lamulo la Employment Act la 2000 limalola ndithu bwana kuchenjeza munthu polemba, kumuimitsa kwa kanthawi kapena kumutsitsa udindo, koma pakhale chifukwa chomveka. Gawo 57 la lamulo lomwelo likuti munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake. Amene amathamangira cholembera asanamve mbaliyo ndi amene amakatuluka thukuta ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court.

Koma tisiye za malamulo. Inu simunabwere pano chifukwa nsima inachedwa. Mwabwera chifukwa munthu amene anali maso anu kukhitchini watseka pakamwa. Kalata siingatsegule pakamwa pamenepo, ingowonjezera loko wachiwiri.

Mwini Chilimira ku Malembo
Asalaam aleikum nonse. Mwati Lachinayi lapitali? Mayi, sabata imeneyo mwera unavuta kwambiri, maboti ambiri sanalowe m'madzi. Ngati alendo anu anaitanitsa chambo, kafunseni kuti chambocho chinafika nthawi yanji. Sindikuwaikira kumbuyo madalawo, sindikuwadziwa n'komwe.

Ndikuuzeni za kwathu kuno, mwina mutolapo kanthu. Pa chilimira, ukonde waukulu umene timagwirira usipa, pamakhala siginala, munthu amene amakhala pa bwato la nyali n'kumayang'ana mmene usipa wasonkhanira. Iyeyo akati ponyani, alovi, anyamata ogwira ukondewo, amaponya. Akati kokani, amakoka. Pamadzi usiku palibe zoti "inu mukuganiza bwanji", munthu akayamba mafunso nsomba zapita, mwinanso bwato kutembenuzika. Apa a Kapitawo akunena zoona. Koma siginala wabwino mumuonere pagombe m'mawa. Amakhala pansi ndi anyamata ake pamchenga, ukonde ukuuma, n'kumawafunsa kuti usiku uja chingwe chinakola pati, ndani anachedwa kupalasa, chifukwa chiyani. Ndinali ndi siginala wina wodziwa madzi kuposa onse amene ndagwira nawo, koma wotukwana pagombe pamaso pa azimayi ogula usipa. Pa miyezi 3 alovi ake abwino onse anathawira ku Msaka. Anatsala ndi luso lake yekha, ndipo luso silikoka ukonde.

Ngakhale boma linaona zomwezi. Ku nyanja ya Malombe nsomba zitachepa, malamulo ongochokera ku ofesi sanathandize, ndiye mu 1993 anayambitsa makomiti a m'magombe kuti asodzi eni ake azikhala nawo pokambirana.

Kapitawo wa Zomanga
Mwamva nokha, pamadzi palibe mafunso. Khitchini ya anthu a wekishopu ndi pamadzi pomwe.

Mwini Chilimira ku Malembo
Nthawi ya 12 koloko ndi pamadzi, inde. Koma mayiwa analemba uthenga wawo madzulo, ali pagombe. Ndipo analemba pamaso pa ogula usipa onse.

Ahedi a ku Namwera
Ndilowererepo pa "chabwino madamu" ameneyu, chifukwa ine wandipweteka zaka zambiri. Ifeyo tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula sutsutsa. Ndiye bwana akafunsa kuti "mwamva?", yankho limakhala "eya" basi, kaya munthu wamva, kaya sanamve, kaya wamva koma akudziwa kuti sizitheka. Funso limenelo ndi lopanda ntchito. Ine ndinalisiya.

Mphunzitsi watsopano akabwera, ndikamufotokozera kalembedwe ka mapulani a phunziro, ndimati, "Tandiuzani mmene mukayambire Lolemba, ndione ngati ndafotokoza bwino." Onani kuti cholakwa ndachiika pa ine, osati pa iye. Akayamba kufotokoza m'pamene ndimaona pamene tasiyana. Nthawi zina ndimapeza kuti amene sanamve ndine.

Chinanso, chiyankhulo. Kuno ku Namwera misonkhano ya makolo tikaichita m'Chichewa chokhachokha, azimayi ambiri amangokhala duu. Wina akangotembenuzira m'Chiyao, manja ali m'mwamba, mafunso mbwee. Inu uthenga uja munalemba m'chiyankhulo chanji?

Nabanda wa ku Nkope
M'Chingerezi, ahedi. Eni ake a loji alinso pa gulupu yomweyo, ndiye ndimafuna aone kuti ndachitapo kanthu.

Ahedi a ku Namwera
Ndiye kuti simunalembere madalawo. Munalembera eni ake, madalawo n'kukhala chitsanzo. Iwo adziwa zimenezo.

Wa Mawekishopu
Nkhaniyi yandikoka, poti ine ndi amene ndimaphunzitsa zoterezi m'maholo a m'mphepete mwa nyanjamo. Chimene mukufunika apa achemwali ndi chimene amachitcha coaching. Anthu amaganiza kuti ndi kulangiza, koma ayi. Kulangiza n'kumuuza munthu chochita. Coaching ndi kumufunsa mafunso mpaka yankho alipeze yekha, chifukwa yankho lodzipezera munthu salitaya msanga. Pali njira yotchuka yotchedwa GROW, imene John Whitmore wa ku Britain, yemwe poyamba anali woyendetsa magalimoto a mpikisano, anaifalitsa kwambiri kuyambira mu 1992. Ndi mafunso anayi otsatana: tikufuna zinthu zizikhala bwanji? Pakali pano zili bwanji kwenikweni? Pali njira ziti? Nanga inu muchita chiyani, ndipo liti?

Kwa madala anuwo zingamveke chonchi: "Bambo, tsiku la alendo ambiri mungakonde khitchini iziyenda bwanji? Lachinayi lija chinachitika n'chiyani kuyambira m'mawa? Tikanapanga chiyani kuti zisafike pamenepo? Sabata yamawa tiyambe ndi chiti?" Mukafunsa, khalani chete. Apa m'pamene mabwana ambiri amagwa, amafunsa n'kudziyankha okha. Ndipo samalani nkhope ndi kamvekedwe ka mawu, chifukwa mawu enieniwo amangonyamula 7 peresenti ya uthenga, yotsalayo ndi thupi.

Mlembi wa ku Chiponde
Zonse mwanena bwino achimwene, kupatula 7 peresentiyo. Nambala imeneyo yazunzika m'mawekishopu. Inachokera ku kafukufuku wa Albert Mehrabian wa mu 1967, ndipo iye amayesa chinthu chaching'ono: munthu akatchula liwu limodzi lokha, nkhope kapena kamvekedwe kake n'kumatsutsana ndi liwulo, womvera amakhulupirira chiti pa za mmene wolankhulayo akumvera mumtima. Sananene kuti pa nkhani iliyonse mawu alibe ntchito. Zikanakhala choncho, ife kuno kumalire bwenzi tikumva 93 peresenti ya Chipwitikizi cha anzathu a ku Mandimba pongowayang'ana kumaso.

Wa Mawekishopu
Haha, mwandigwira. Ndichotsa pa silaidi.

Kapitawo wa Zomanga
Chotsani silaidi yonse. Anthu amabwera ku Mangochi kudzadya chambo ndi kusainira alawansi, akabwerera ku ofesi amakalipa ngati kale. Ine wanga akachedwa ndimangodula ya tsikulo, mawa amafika 6 koloko.

Abiti wa pa Boma
A Kapitawo, samalani pamenepo. Lamulo lija sililola bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango. Mukhoza osamulipira nthawi imene wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, koma munthu wachedwa mphindi 20 inu n'kudula ya tsiku lonse iye atagwira ntchito, tsiku lina mudzakumana ndi wodziwa njira ya ku ofesi ya zantchito.

Mnyamata wa Shifiti ya Usiku
Mabwana mwalankhula, tilankhuleko ife olamulidwa. Ine ndine wetala pa malo ena, sinditchula. Manijala wathu anapita ku maphunziro ngati amenewa, atabwerako anayamba zoti "iwe ukuganiza kuti tipange bwanji?" Poyamba tinasangalala. Kenako tinazindikira kuti yankho ali nalo kale m'thumba, akungodikira kuti ulitchule. Ukatchula lina, amafunsanso funso lomwelo mpaka utopa. Bola a Kapitawo, amangokuuza n'kuthana nazo.

Ndiye asisi, ngati mukufuna kufunsa madalawo, funsani chinthu chimene simukuchidziwadi, ndipo akakuuzani chinthu chimodzi chotheka, kachichiteni sabata yomweyo aone. Apo ayi musavutike.

Chinanso mabwana musaiwale: munthu wagwira maola oposa 48 pa sabata, ovataimu osaiona, malipiro achedwa masiku 10, ndiye mukumuitana kuti mukambirane masomphenya. Njala ilibe khutu.

Wa Mawekishopu
Mnyamatayu wanena chimene ife ophunzitsa timachilumpha. Komanso si aliyense wofunika mafunso. Mwana amene wayamba dzulo kutsuka mbale, muonetseni kagwiridwe kake, musamufunse maganizo pa zimene sanazionepo. Mafunso ndi a munthu ngati madalawo, amene ntchito akuidziwa kuposa bwana wake.

Nesi wa Kumudzi
Ine ndimayang'anira anzanga pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, ndipo chimene chandiopsa pa nkhani ya Nabanda si mkwiyo wa madalawo, koma chete wawoyo. Kwathu chete amapha. Mnzako akalakwitsa mlingo wa mankhwala n'kuopa kunena, wodwala ndi amene amalipira.

Pali mayi wina wa ku yunivesite ya Harvard, Amy Edmondson, amene m'zaka za m'ma 1990 anafufuza magulu a anamwino ndi madokotala. Iye amayembekezera kuti magulu ogwirizana bwino apezeka ndi zolakwa zochepa. Anadabwa kuona kuti ndi amene anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Atafufuza anapeza kuti sikuti amalakwitsa kwambiri, koma saopa kunena. Magulu a mabwana aukali mabuku awo amaoneka oyera chifukwa anthu amabisa.

Chiwerengereni zimenezo, munthu akabwera kudzandiuza kuti walakwitsa, mawu anga oyamba amakhala "zikomo pondiuza", ngakhale m'mimba mukutentha. Tikonze kaye wodwala, zokambirana pambuyo, awiriwiri, chitseko chotseka. Ndipo pokambiranapo sindinena kuti "ndinu osasamala". Ndimatchula tsiku, chimene ndinaona, ndi chimene chinatsatira. Munthu angakane kuti ndi wosasamala mpaka mawa, koma sangakane kuti Lachiwiri botolo linatsala pawindo.

Anganga a ku Malindi
Ana inu mwatchula azungu ambiri. Mwanawe Nabanda, tamvera. Usawaitanitse ku ofesi bambo amenewo. Munthu wa zaka zimenezo kumuimika patsogolo pa tebulo lako, iwe uli pampando wozungulira, nkhani yatha isanayambe. Pita iweyo kukhitchini nthawi imene moto wazima, ana ena atatuluka. Upemphe malo okhala. Uwapatse moni wabwino, ufunse za kunyumba. Ukatero unene kuti, "Bambo, ndinalakwa kulankhula pagulu ndisanakufunseni." Osawonjezerapo "koma". Ukangoti "koma nanunso", wafufuta zonse.

Akapanda kuyankha tsiku limenelo usadandaule, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo poti unawanyoza pagulu, pagulu pomwepo ukabwezenso ulemu wawo. Kupepesa kuseri kokha n'kuba.

Kapitawo wa Zomanga
Anganga, ndi ulemu wonse, bwana akapepesa wagulitsa mpando. Mawa mlonda naye adzafuna kupepesedwa.

Anganga a ku Malindi
Akadzamulakwira mlondayo, adzamupepese. Vuto lili pati? Ine malemu amuna anga anali kapitawo ngati inu. Tsiku la maliro awo anthu amene ankawayang'anira ndi amene anakumba manda osapemphedwa. Sindikuti anali ofewa, ayi, munthu waulesi amamubweza pageti. Koma sanadzudzulepo munthu wa imvi pamaso pa ana.

Abiti wa pa Boma
Ndiwonjezere kamodzi. Kupepesa chifukwa cha njira imene munalankhulira sikutanthauza kuti nkhani ya kuchedwa yatha. Imeneyo ikambidwebe, chifukwa alendo anadikiradi ola ndi theka. Muzilekanitse ziwirizi m'mutu mwanu musanalowe m'khitchinimo, apo ayi mukatuluka mutapepesa zonse, ndi udindo womwe.

Nabanda wa ku Nkope
Ndabweranso akuluakulu. Ndinapita dzulo cha m'ma 3 koloko, monga ananenera anganga. Ndinakhala pa kireti ya zakumwa. Manja amanjenjemera, sindinama.

Zimene ndinamva zandichititsa manyazi. Choyamba, madalawo sali n'komwe pa gulupu ija, foni yawo ndi ya mabatani. Uthenga wanga anawawerengera ndi mnyamata wotsuka mbale, n'kuwamasulira m'Chichewa pamaso pa anzake, ndipo mukudziwa mmene ana amathirira mchere. Chachiwiri, iwo anauzidwa Lachitatu kuti alendo ndi 25. A wekishopu anaimba usiku kuti akhala 40, polandirira alendo analemba m'buku, koma kukhitchini uthenga unafika 11 koloko m'mawa wa tsikulo. Chachitatu, a ku Malembo munalasa: chambo chinafika mochedwa ndiponso chochepa chifukwa cha mwera, moti anachita kusungunula nkhuku za mufiriji kuti anthu 15 owonjezerawo adye. Akuti anandifunafuna kawiri m'mawa umenewo, ine ndili muholo kulimbana ndi pulojekita.

Ndinayesa mafunso a achimwene a mawekishopu, koma ndinangofika pa lachiwiri. Nditangoti "chinachitika n'chiyani kuyambira m'mawa", analankhula mphindi 20 osapuma. Kawiri konse ndinafuna kudziteteza, ndinaluma lilime. Njira anaitchula okha ndisanafunse: nambala ya alendo izilembedwa pa bolodi la kukhitchini madzulo aliwonse, wolemba asainire, ndipo ikasintha usiku aziwaimbira pa foni yawo ya mabataniyo. Anatinso miyezi ya mwera tisamalonjeze chambo kwa gulu lalikulu tisanamve za kunyanja. Bolodi ndagula lero m'mawa ku Boma. Pa msonkhano wa m'mawa ndanena pamaso pa onse, m'Chichewa, kuti uthenga uja ndinaulemba ndisanafufuze ndipo vuto silinayambire kukhitchini.

Mwini Chilimira ku Malembo
Alhamdulillah. Za mwerazo madalawo akunena zoona, mpaka Ogasiti musamadalire nyanja.

Kapitawo wa Zomanga
Chabwino, apa madala analibe mlandu, ndavomera. Koma ndiye mlandu uli ndi amene analandira foni usiku n'kukagona nayo nambala. Ameneyo ndiye alandire kalata. Kapena nayenso mukamukhalira pa kireti?

Nabanda wa ku Nkope
Apo ndiye pali minga, a Kapitawo. Ameneyo ndi mnzanga wa ponda apa m'pondepo, takhala pa kauntala imodzi zaka 4, ndinaimirira pa ukwati wake. Chikwezedwereni ine, amandiitana "bwana" moseka anthu ali pompo, ndipo ndikamuuza chinthu amati "iwenso wayamba liti". Kukhala pa kireti pamaso pa madala kunali kosavuta poyerekeza ndi izi.

Ahedi a ku Namwera
Khitchini yonse ikuyang'ana kuti ione ngati mnzanuyo mumulankhula. Mukamusiya, kupepesa kwa dzulo kusanduka sewero.

Nesi wa Kumudzi
Mulankhuleni sabata ino, kuntchito, osati kunyumba kwake kapena pa foni usiku ngati mmene mumachezera. Tsiku, chimene chinachitika, chimene chinatsatira. Mufunsenso kuti n'chifukwa chiyani sanadziwitse kukhitchini, mwina panalibe amene anamuuzapo kuti ndi udindo wake. Za kukuitanani "bwana" monyogodola zikhale nkhani yachiwiri, koma muitchule tsiku lomwelo.

Mnyamata wa Shifiti ya Usiku
Ndipo mnyamata womasulira uja musamuiwale, ali ndi luso. Mumuike polandirira alendo.

Nabanda wa ku Nkope
Iiii, ameneyo angathamangitse alendo onse. Mnzangayo ndamuuza kuti tionane mawa 10 koloko alendo akatuluka, wangoyankha kuti "chabwino madamu", ndiye mundipempherere. Koma madala aja angodutsa pano posachedwa, aima pakhomo n'kunena kuti anyezi amene ndinagula Lolemba ndi wonyowa, sachedwa kuola, ndisadzagulenso kwa munthu ameneyo.